Asilikali a m'thupi amadziwanso kumanga: phunziro lochokera kwa anthu oikidwa mapapo a ena

Awa ndi mawu omwe mkulu wina wa zachipatala analankhula kwa mamembala a makalabu a achinyamata. Tawasindikiza kuti nanunso muwerenge ndi kukambirana m'kalabu mwanu.

Ndapatsidwa nthawi yoti ndilankhule za chitetezo cha m'thupi. Ndikudziwa kuti nkhani ya asilikali a m'thupi mwaimva kambirimbiri, m'masewero, pawailesi ndi kusukulu komwe. Mukudziwa kuti kachirombo ka HIV kamapha asilikaliwa, ndipo akachepa matenda amangolowa ngati mbuzi m'dimba lopanda mpanda. Zimenezo n'zoona. Koma pali mbali ina yomwe sitiikamba kawirikawiri. Nkhondo ikatha, amachotsa zinyalala ndani? Amamanganso nyumba zomwe zagwa ndani? M'thupi mwathu ntchito imeneyo ndi ya asilikali omwewo, ndipo malo abwino oonerapo zimenezi ndi m'mapapo.

Ndikutengani ulendo wautali pang'ono. Tipita kuzipatala za kunja komwe madokotala amachotsa mapapo owonongeka a munthu n'kumuika mapapo a munthu wina. Opaleshoni imeneyi kuno ku Malawi sichitika, imachitika ku South Africa ndi m'mayiko ena olemera. Musati ndasochera. Pobwerako muona kuti nkhaniyi ikukhudza mnzanu wa m'kalabu amene akumwa ma ARV, komanso uja wakhala akutsokomola kuyambira nthawi yokolola koma kuchipatala sakupita.

Mapapo ndi khomo losatseka

Tiyambe ndi mapapo athu omwewa. Mpweya ukalowa m'mphuno umatsika pakhosi n'kulowa m'timapaipi tomwe timagawikana ngati nthambi za mtengo. Kumapeto kwa tinthambi tating'ono kwambiri kuli timatumba ta mpweya. Munthu wamkulu ali nato pakati pa 300 miliyoni ndi 500 miliyoni. Khoma la kathumba kalikonse ndi lopyapyala zedi, kuposa kakhungu ka anyezi kaja, ndipo kuseri kwake kumadutsa timitsempha ta magazi. Mpweya wabwino wa okosijeni umadutsa pakhomapo n'kulowa m'magazi, woipa n'kutuluka.

Munthu wamkulu akangokhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pamphindi. Patsiku m'chifuwa mwake mumadutsa mpweya wokwana malita 10,000 kapena kuposerapo pang'ono. Taganizani zigubu za malita 20 zija timatungira madzi: zikhale 500, tsiku lililonse. Nanga mpweya umenewo umabwera wokha? Umabwera ndi fumbi la mumsewu, utsi wa kukhitchini, nkhungu ya m'nkhokwe ndi tizirombo ta munthu amene wakutsokomolerani muminibasi. Mtima, chiwindi ndi impso zinabisika m'kati, koma mapapo amakumana ndi za kunja nthawi iliyonse mukapuma. N'chifukwa chake muli alonda osagona.

Ndikutchulirani magulu 3 a asilikali. Mayina awo ndi achizungu, koma tiwapatsa athu.

Oyamba ndi ma macrophage. Dzinalo limatanthauza wodya kwambiri. Ife tiwatchule osesa. Amakhala m'timatumba ta mpweya momwemo, n'kumameza fumbi, tizirombo ndi maselo akufa. Zinthu zikavuta ndiwo amakuwa kuitana anzawo.

Achiwiri ndi ma neutrophil. Awa ndi othamangira nkhondo. Mwa asilikali onse a m'magazi ochuluka ndi iwowa. Akamva mfuu amafika m'maola ochepa, n'kuthira mankhwala aukali opha tizirombo, iwonso n'kufera pomwepo. Mafinya omwe mumaona pachilonda, mbali yaikulu ndi mitembo yawo. Vuto lawo n'lakuti pomenya sasankha bwino. Ali ngati anthu ozimitsa moto amene amagwetsa mpanda ndi kuponda mbewu pofuna kupulumutsa nyumba.

Achitatu mukuwadziwa, ma CD4. Awa ndi akapitawo, amene amauza ena chochita. Koma pakati pawo pali kagulu kochepa kotchedwa ma Treg, komwe ntchito yake ndi kuleretsa ndewu. Amenewa ndiwo amati: "Basi, zakwana, mdani wafa, musagumule mudzi wanu womwe." Katswiri wa ku Japan, Shimon Sakaguchi, ndi amene anawazindikira bwino mu 1995, ndipo mu 2025 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell a ku America chifukwa cha ntchito imeneyi. Gwirani mfundo iyi, tiifuna kutsogoloku: oleretsa ndewu nawonso ndi ma CD4.

Mapapo achilendo m'chifuwa

Pali matenda ena omwe amawononga mapapo mpaka mankhwala onse kulephera. Munthu amapuma wefuwefu ngakhale atangokhala pampando. Kwa wotereyu chotsala ndi kumuika mapapo a munthu wina amene wamwalira, mwina pangozi, mwini wake kapena abale ake atavomereza.

Woyamba kuyesa izi pa munthu anali dokotala James Hardy mu 1963, mumzinda wa Jackson ku Mississippi, m'dziko la America. Wodwalayo anakhala masiku 18 okha. Kwa zaka 20 zotsatira madokotala anayesa kambirimbiri, koma odwala ankamwalira msanga. Mu 1983 gulu la dokotala Joel Cooper ku Toronto, m'dziko la Canada, linaika phapo limodzi mwa bambo wina amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 6. Kuyambira pamenepo njira inatseguka.

Tsopano tione zomwe zimachitikira mapapowo. Akachotsedwa mwa womwalira uja amatsukidwa ndi madzi ozizira a mankhwala, n'kusungidwa pozizira, n'kuthamanga nawo pagalimoto kapena pandege. Kwa maola angapo mulibe magazi oyenda. Maselo amakhala ndi njala, ena amafooka, ena amafa. Dokotala akamaliza kusoka, amatsegula mitsempha kuti magazi a wodwala alowe. Inu mukhoza kuganiza kuti apa mavuto atha. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Magazi aja amabwera ndi moyo, komanso amabwera ndi asilikali.

Maselo ovulala amatulutsa zizindikiro za ngozi. Osesa omwe anabwera ndi mapapowo amakuwa, ndipo othamangira nkhondo a wodwalayo amakhamukira m'mapapo mwaunyinji. Mdani weniweni palibe, koma iwo amamenyabe. Timitsempha timayamba kuchucha, madzi amadzaza m'timatumba ta mpweya, ndipo okosijeni amalephera kudutsa. N'chifukwa chake maola 72 oyambirira madokotala sachoka pafupi ndi wodwala wotere. Ena amafunika makina owathandiza kupuma kwa masiku angapo, ndipo ena amamwalira pa nthawi imeneyi.

Koma ambiri amapulumuka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Dokotala alibe singano yosokera timatumba mamiliyoni. Amene amakonza ndi thupi lenilenilo. Othamangira nkhondo aja moyo wawo ndi waufupi, pakapita masiku ochepa amafa. Osesa amayamba kumeza mitembo yawo isanaphulike n'kutaya mankhwala aukali aja. Chodabwitsa n'chakuti kumeza mitemboko kumawasintha osesawo. Amaleka kukuwa za nkhondo, n'kuyamba kutumiza uthenga woti ntchito yomanga iyambe. Pakhoma la kathumba kalikonse pali maselo ena omwe ali ngati mbewu yosungira. Akalandira uthengawo amaswana, n'kuphimba malo onse omwe anasupuka. Khoma likabwerera, madzi aja amachotsedwa, ndipo mpweya umayambanso kudutsa.

Oleretsa ndewu nawo amakhala pantchito. Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anavulaza mapapo a mbewa zoyesera. Mbewa zomwe zinalibe ma Treg zinkachedwa kuchira ndipo zambiri zinkafa. Atazipatsa ma Treg, kutupa kunkatsika, mitembo ya othamangira nkhondo inkachotsedwa msanga, mapapo n'kuchira. Lero akatswiri akufufuza ngati maselo amenewa angathandize anthu oikidwa ziwalo kuti thupi lilandire mlendo mwamtendere.

China chosangalatsa n'chakuti osesa omwe anabwera ndi mapapo a womwalira uja safa msanga. Ofufuza awapeza akadali moyo m'chifuwa cha wolandirayo patapita zaka, akugwira ntchito limodzi ndi asilikali a mwini thupi.

Nanga kumanga kukapanda kuyenda bwino? Ndewu ikapitirira mwakachetechete kwa miyezi ndi zaka, m'malo mwa khoma lopyapyala lija mumamera zipsera. Chipsera mukuchidziwa, chimatseka bala koma n'cholimba, sichimera tsitsi, sichituluka thukuta. M'mapapo chipsera sichidutsitsa mpweya, ndipo chimapanikiza timapaipi mpaka kutsekeka. Ili ndi vuto lalikulu la oikidwa mapapo. Pafupifupi theka lokha la iwo ndi amene amakhala akadali moyo patatha zaka 6, pamene oikidwa impso kapena chiwindi amakhala nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Mankhwala ogoneka asilikali

Pali vuto lachiwiri. Akapitawo a wodwala akaona mapapo aja amadziwa kuti si a mwini thupi, ndiye amalamula kuti awonongedwe ngati mdani. Kuti izi zisachitike, wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo chake mwadala, tsiku lililonse, moyo wake wonse. Mankhwala otchedwa cyclosporine, omwe anapezeka mu nkhungu ya m'dothi, ndiwo anathandiza kuti maopaleshoni amenewa ayambe kuyenda bwino m'zaka za m'ma 1980. Masiku ano ambiri amamwa ena otchedwa tacrolimus.

Apa dokotala amayenda pakamtengo kowolokera mtsinje. Mankhwala akachepa, asilikali amawononga chiwalo chatsopano. Akachuluka, asilikali amagona tulo tofa nato, matenda n'kulowa. Mu December 1967 dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa munthu mnzake koyamba padziko lonse, pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Mtimawo unkagunda bwinobwino. Koma patatha masiku 18 wodwalayo anamwalira ndi chibayo, chifukwa mankhwala anali atafooketsa chitetezo chake.

Tamverani mndandanda wa matenda omwe amavutitsa anthu oikidwa ziwalo: chibayo, chifuwa chachikulu cha TB, zoyerayera za m'kamwa, mashingozi, ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi. Mwaumvapo kuti mndandanda umenewu? Eya, ndi womwewo wa munthu amene HIV yamufooketsa. Ndipotu ndi mmene Edzi inadziwikira. Mu June 1981 madokotala a ku Los Angeles analemba za anyamata 5 amene anadwala mtundu wina wa chibayo wotchedwa PCP. Chibayo chimenechi ankachiona mwa anthu ofooka chitetezo, monga oikidwa ziwalo ndi omwa mankhwala a khansa. Anyamatawa sankamwa mankhwala oterowo. Madokotala anafunsa kuti, kodi chagoneka asilikali awo n'chiyani? Yankho linadzapezeka mu 1983, pamene akatswiri a ku Paris anapeza kachirombo komwe lero timakatcha HIV.

Ngakhale mankhwala oteteza ndi amodzi. Bactrim uja amaperekedwa kukiliniki ya ma ARV, amene ena mumamunyoza kuti ndi wamba, ndi yemweyo amene munthu woikidwa mapapo ku Toronto kapena ku London amamwa kuti asadwale chibayo cha PCP. Kafukufuku wa ku Zambia yemwe anatuluka mu 2004 anaonetsa kuti Bactrim anachepetsa kwambiri imfa za ana omwe ali ndi HIV. Musamupepule.

Tibwerere kwathu

Kachirombo ka HIV kamachita zomwe mankhwala ogoneka asilikali aja amachita, kusiyana kwake n'kwakuti palibe dokotala woyeza mlingo. Kamangopitirira. Munthu wathanzi amakhala ndi ma CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kakang'ono ka magazi komwe amayeza. Akatsika kufika pansi pa 200, matenda oopsa aja amapeza khomo lotsegula. Paja tinati oleretsa ndewu nawonso ndi ma CD4. Choncho kachiromboka kamasokoneza olamula nkhondo ndi oletsa nkhondo omwe. Thupi limalephera kumenya bwino, limalepheranso kuleka bwino ndi kumanga.

Osesa nawo sapulumuka. Izi zinafufuzidwa konkuno. Akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anatenga timadzi ta m'mapapo mwa anthu odzipereka n'kuyeza asilikali ake. Mu 2014 anasindikiza zomwe anapeza: HIV imalowa mwa ena a osesa a m'mapapo, ndipo osesa oterowo sameza bwino tizirombo.

Apa ndi pamene TB imapezera mpata. Kachirombo ka TB kakalowa m'mapapo, wosesa amakameza, koma iko n'kochenjera, kamatha kukhala moyo m'mimba mwa wosesayo. Wosesa amafunika lamulo lochokera kwa kapitawo kuti akagonjetse. Mwa anthu ambiri asilikali amamanga kampanda kuzungulira tizirombo ta TB, n'kutitsekera momwemo kwa zaka, munthu osadwala. Ma CD4 akachepa, kampandako kamagwa. N'chifukwa chake TB ndi matenda omwe amapha anthu ambiri omwe ali ndi HIV padziko lonse kuposa ena onse.

TB ikakhalitsa imakumba mapanga m'mapapo. Mbali yaikulu ya kuwonongekako imachokera ku ndewu yeniyeniyo, othamangira nkhondo akumenya miyezi ndi miyezi popanda wowaleretsa. Munthu akamwa mankhwala miyezi 6 tizirombo timafa ndithu, koma malo omwe anakumbika kwambiri amatsala zipsera. Kuchipatala timawaona anthu amene anachira TB zaka zapitazo koma mpaka lero sangakwere chitunda ndi njinga, sangamalize mzere m'munda osapumira. Ambiri mwa iwo anachedwa kubwera. Bala laling'ono asilikali amalikonza n'kubwerera mwakale. Chipsera chikakhazikika, mankhwala sachibweza, ndipo kuno tilibe mapapo ena oti tikuikeni. Omwe muli nawowo ndi omwewo basi.

Ma ARV amadzutsa amisiri

Uthenga wabwino ndi wakuti kwa munthu amene ali ndi HIV, asilikali akhoza kudzukanso. Ma ARV amaletsa kachirombo kuswana, ndiye ma CD4 amayamba kuchulukanso. Dziko lathu linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala mu 2004. Kale munthu ankadikira kuti CD4 itsike kaye, koma kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kudwala. Kuyambira mu 2019 ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, piritsi limodzi patsiku. Munthu akamamwa mokhulupirika, tizirombo timachepa mpaka makina osationa m'magazi, ndipo wotereyo sapatsira mnzake kachirombo pogonana.

Taonani anthu awiriwa. Woikidwa mapapo amamwa mapiritsi tsiku lililonse kuti asilikali ake agone pang'ono. Mnzathu wa HIV amamwa piritsi tsiku lililonse kuti asilikali ake adzuke. Onse awiri akadumphitsa, oyamba kuvutika ndi mapapo. Koma palibe amene amaseka munthu woikidwa mapapo chifukwa chomwa mankhwala. Nanga ife timamusekeranji mnzathu?

Tsono pali zinthu 2 zomwe ndikufuna mumvetse, chifukwa ndi zomwe zimatitayitsa achinyamata ambiri kukiliniki.

Choyamba, kumanga kumachedwa. Munthu akayamba ma ARV, pakatha miyezi ingapo thupi limabwerera, nkhope imasalala, amayambanso kusewera mpira. Ndiye amati ndachira, n'kusiya mankhwala. Kapena wapita kukagwira ganyu kutali, kapena wapeza chibwenzi ndipo akuopa kuti botolo lionekera, kapena wina wamuuza kuti wapemphereredwa ndiye ataye mapiritsi. Ofufuza a ku Blantyre omwe aja anapezanso kuti mwa anthu omwe anali atamwa ma ARV kwa zaka zosakwana 4, asilikali a m'mapapo anali asanabwerere mwakale polimbana ndi TB, ngakhale anthuwo ankaoneka athanzi. Omwe anamwa zaka 4 kapena kuposerapo, asilikali awo ankagwira ntchito bwino kuposa pamenepo. Ndiye kunja kukhoza kusalala m'kati ntchito ikadali pamaziko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukasiya mankhwala, kachirombo kamadzuka m'masabata ochepa, n'kugwetsa zonse zomwe amisiri anamanga. Kupemphera pempherani ndithu, koma piritsi mumwe.

Chachiwiri, ena akangoyamba ma ARV amadwala kwambiri m'masabata oyambirira. Thupi limatentha, chifuwa chimakula, m'khosi mumatuluka zotupa. Achibale amati mankhwalawa amuipira, ena amati walodzedwa. Kumbukirani mapapo aja magazi atangolowa. Asilikali amene anagona akadzuka n'kupeza TB itakhazikika m'nyumba, amamenya mwaukali, oleretsa ndewu asanachuluke. Izi zimachitika makamaka kwa amene ayamba mankhwala CD4 itatsika kwambiri. Azachipatala amalidziwa vutoli ndipo ali ndi njira zolithetsera. N'chifukwa chake amakufunsani za chifuwa musanayambe ma ARV, ndipo TB ikapezeka amayambitsa mankhwala ake kaye, ma ARV n'kutsatira, nthawi zambiri pasanathe masabata 2. Mnzanu zikamuchitikira, musamulole kusiya mankhwala payekha. Mukwezeni panjinga abwerere kukiliniki tsiku lomwelo. Ndipo njira yabwino yopewera zonsezi ndi kuyezetsa msanga, asilikali asanathe.

Utsi sufunsa zotsatira za magazi

Mwina wina akuti, ine ndinayezetsa, ndilibe, nkhaniyi si yanga. Dikirani. Osesa anu ali ndi mdani wina amene timakhala naye tsiku ndi tsiku. Utsi wa nkhuni, wa makala, wa koloboyi ndi wa fodya uli ndi timwaye tating'ono tomwe timafika mpaka m'timatumba ta mpweya. Osesa amatimeza, koma sangatigaye. Ofufuza akayang'ana pamakina osesa a anthu ophika m'nyumba zautsi, amawapeza ali ndi timadontho takuda m'kati. Wosesa amene wakhuta mwaye sagwira bwino ntchito tizirombo tikabwera.

Atsikana, inu ndi amene mumakhalitsa kukhitchini, nthawi zina mwana ali kumsana. Phikirani panja kukakhala kopanda mvula, boolani zenera pakhitchini, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo ngati mungathe pezani chitetezo mbaula, yomwe imadya nkhuni zochepa. Anyamata, fodya ndi chamba zimapha tinthu tonga tiubweya ta m'timapaipi tomwe timakankhira makhololo kunja. Amene ali ndi HIV n'kumasutanso, akumenya mapapo ake mbali ziwiri.

Zoti kalabu ichite

Ndisanakhale pansi, ndikusiyireni ntchito.

Yoyamba, yezetsani magazi, ndipo pitani monga gulu kuti wina asachite manyazi. Amene alibe apitirize kudziteteza: kudziletsa, kukhulupirika, makondomu, mdulidwe wa kuchipatala kwa anyamata, komanso mankhwala a PrEP kwa omwe ali pachiopsezo. Amene wapezeka nako ayambe ma ARV asanadwale.

Yachiwiri, dziwani zizindikiro 4 za TB: kutsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda. Chifuwa chikafika masabata 2, kapereke makhololo. Kwa amene ali ndi HIV, asadikire masabata 2, chifuwa chilichonse akanene kukiliniki. Kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma. Kugula timapiritsi pagolosale n'kumwa masiku 3 kumangopatsa TB nthawi yokumba.

Yachitatu, amene ali pa ma ARV afunse za mankhwala oteteza TB. Alipo omwa kamodzi pasabata kwa miyezi 3. Ana aang'ono okhala nyumba imodzi ndi wodwala TB nawonso apite nawo akaonedwe.

Yachinayi, khalani aphungu a anzanu. M'kalabu muno alipo amene anabadwa ndi kachirombo, ndipo akhala akumwa mankhwala kuyambira ali ana. Ena amabisa botolo m'denga, ena amadumphitsa akakhala kusukulu yogonera poopa kuti anzawo aona. Simukuwadziwa, ndipo sakakamizidwa kukuuzani. Koma amamva nthabwala zanu. Mawu amodzi onyoza akhoza kupangitsa mnzanu kusiya mankhwala mwezi wathunthu, TB n'kulowa. Wina akakuululirani, sungani chinsinsi, mukumbutseni tsiku la kukiliniki, mumuperekeze ku teen club ngati ilipo pachipatala chanu.

Kale madokotala ankakana kuika chiwalo mwa munthu amene ali ndi HIV, poganiza kuti n'kutaya chiwalocho. Mu 2008, pachipatala cha Groote Schuur chomwe chija, dokotala wachizimayi Elmi Muller anayamba kuika impso zochokera kwa omwalira amene anali ndi HIV mwa odwala impso amene alinso ndi HIV. Zinayenda bwino, ndipo mu 2013 dziko la America linasintha lamulo lake kuti zoterezi zitheke kumeneko. Madokotala anaona kuti thupi la munthu womwa ma ARV mokhulupirika limatha kupirira opaleshoni yaikulu, kulandira chiwalo chachilendo ndi kupola. Ngati akatswiri amenewo amawerengera mnzathu wa HIV zaka zambiri zakutsogolo, ifenso timuwerengere pomusankha mukomiti, mutimu ya mpira ndi pa nkhani ya banja.

Pamsonkhano wanu wotsatira mukambirane mafunso awa: kodi m'mudzi mwathu munthu wotsokomola amayamba wapita kuti, ndipo amataya masabata angati asanafike kuchipatala? Nanga n'chiyani chomwe chimapangitsa wachinyamata kudumphitsa ma ARV, ndipo kalabu yathu ingachotsepo chiti mwezi uno? Mayankho anu muwapereke kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti tithandizane.

Amene ali ndi funso lomwe sangafunse pagulu andipeze tikamaliza, ndikhalapo mpaka womaliza.